Wachiwiri kwa gavanala wovoteredwa payekha: za chisankho cha ku Virginia

Lachiwiri, 4 Novembala 2025

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Abale ndavota. Aka n'koyamba chitengereni unzika wa kuno ku America. Ndaweruka ntchito ya usiku 7 koloko m'mawa n'kulunjika kusukulu ya pulayimale komwe anatiika. Ndinanyamula botolo la madzi ndi mpando wopinda pokumbukira mizere ya kwathu ija, koma ndapeza anthu osakwana khumi. Mphindi 15 zonse zatheka. Mpando wabwerera osautambasula.

Malume a ku Area 25: Mwachita bwino mphwanga. Koma mukuvotanso chiyani? Suja munasankha pulezidenti chaka chathachi?

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Chimenecho chinali cha dziko lonse malume. Ichi n'cha Virginia yokha. Kuno gavanala timasankha chaka chotsatira cha pulezidenti, ife ndi anzathu a ku New Jersey. Lero tikusankha gavanala, wachiwiri wake, mkulu wa zamalamulo uja amati attorney general, komanso aphungu 100 a nyumba ya malamulo yaing'ono.

Malume a ku Area 25: Dikirani kaye. Mwati gavanala, kenako mwati wachiwiri wake. Sabwera pamodzi anthu amenewa?

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Ndi pomwe ndinadodoma inenso. Pepala lake lili chonchi: pamwamba pali bokosi la gavanala, muli Abigail Spanberger wa chipani cha Democrat ndi Winsome Earle-Sears wa Republican. Pansi pake bokosi lina lapadera, lolembedwa Lieutenant Governor, muli Ghazala Hashmi wa Democrat ndi John Reid wa Republican. Suchonga ngati kwathu, pambali pa dzina pali kadzira, umakadetsa ndi cholembera, ukatha pepala umalowetsa wekha m'makina. Ine nditadetsa kadzira koyamba ndinayamba kudzuka, ndimayesa ndamaliza onse awiri. Chinandipulumutsa ndi kapepala kachitsanzo komwe anthu a chipani amagawa panja. Ndinakayang'ananso n'kuona kuti madzira ake ndi anayi, ine ndadetsa limodzi.

Nangozo (Leeds): Kkkkk madzira anayi. Nanga lefutenanti ameneyo ndi msilikali?

Anaphiri (Chesterfield): Ayi achemwali, ndi dzina chabe. Tingoti wachiwiri kwa gavanala. Ndipo gavanala wake musaganize uja wa kwathu wa chipani, wotsogolera nyimbo pamsonkhano bwana asanafike. Wa kuno ali ngati pulezidenti wa chigawo chake. Amasaina malamulo kapena kuwakana, amakonza bajeti, amasankha nduna zake. Virginia muli anthu oposa 8 miliyoni.

Malume a ku Area 25: Ndiye munthu atha kuvotera gavanala wa chipani china, wachiwiri wa chipani china?

Anaphiri (Chesterfield): Kwabasi. Ndipo zinachitikapo. Mu 2005 anthu anasankha Tim Kaine wa Democrat kukhala gavanala, wachiwiri n'kuika Bill Bolling wa Republican. Mu 1993 zinali motembenuza, George Allen wa Republican pamwamba, Don Beyer wa Democrat pansi pake. Anakhala choncho zaka zinayi zathunthu.

Malume a ku Area 25: Popanda kumangitsana?

Nangozo (Leeds): Malume mwayamba kkkk

Dalaivala wa ku Alexandria: Ine funso langa ndi lakuti munthu ameneyu amagwira ntchito yanji kwenikweni. Mwezi wonse wa Okutobala wailesi m'galimoto ndi Hashmi, Reid, Hashmi, Reid. Ndinafunsapo makasitomala atatu kuti kodi lieutenant governor amatani, awiri anangoseka, mmodzi anati amadikira kuti gavanala afe.

Anaphiri (Chesterfield): Wachitatuyo sananame kwenikweni. Ntchito zolembedwa m'malamulo ndi ziwiri. Yoyamba ndi imeneyo, gavanala akamwalira, akatula pansi udindo kapena akachotsedwa, iye amalowa. Yachiwiri amatsogolera zokambirana m'nyumba ya Senate ku Richmond, likulu la Virginia, ngati sipikala. Masenata alipo 40. Iye savota, koma mavoti akafanana 20 uku 20 uku, ndi iye amene amadula. Panopa a Democrat ali 21, a Republican 19, ndiye mukuona nokha kuti mmodzi akangotembenuka, nkhani yonse ili m'manja mwa munthu ameneyu. Kupatula apo ndi kukhala m'mabodi angapo ndi kudula riboni.

Dalaivala wa ku Alexandria: Malipiro?

Anaphiri (Chesterfield): Madola 36,321 pachaka.

Dalaivala wa ku Alexandria: Aaa! Pachaka? Ine ndi ka Corolla kanga ndimapitirira pamenepo.

Malume a ku Area 25: Mwatero inu. Ine ndatenga kale kakyuleta kuti nditembenuze m'makwacha, mutu wazungulira.

Nangozo (Leeds): Musatembenuze malume, mudwala. Ndalama imeneyo kumeneko lendi yokha imadya theka.

Anaphiri (Chesterfield): Amaiwerengera ngati ntchito ya maganyu. Nyumba ya malamulo ya kuno sikhala chaka chonse. Imayamba mu Januwale, chaka china masiku 60, chaka china pafupifupi 45, basi aliyense kubwerera ku ntchito zake.

Malume a ku Area 25: Ndiye akulimbirana chiyani ngati mpando wake ndi wowonda chonchi?

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Ndi makwerero malume. Virginia ili ndi lamulo lachilendo, gavanala saloledwa kuimanso kachiwiri motsatizana. Zaka zinayi zikatha, kwao. Glenn Youngkin amene alipoyu sali papepala lero chifukwa cha chomwecho. Ndiye wachiwiri amadziwa kuyambira tsiku lolumbira kuti pampando paja pakhala popanda munthu posachedwa.

Anaphiri (Chesterfield): Werengani nokha amene anakwera kudzera pamenepo. Chuck Robb. Douglas Wilder, wachiwiri mu 1985, gavanala mu 1989, munthu wakuda woyamba kusankhidwa pa udindo wa gavanala mu America yense. Tim Kaine uja. Ralph Northam mu 2017. Mayi Earle-Sears akuyesa njira yomweyo lero, paja ndi amene ali wachiwiri panopa.

Mjomba wa ku Mangochi: Salaam abale. Ine ndakhala chete ndikuwerenga. Zotsatira zituluka nthawi yanji ya kuno?

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Atseka 7 koloko madzulo, kwanuko ikhala 2 koloko usiku. Kagoneni mjomba, mudzazipeza m'mawa.

Mjomba wa ku Mangochi: Sindigona. Magetsi alipo lero.

Lachitatu, 5 Novembala 2025

Mjomba wa ku Mangochi: Alhamdulillah! Mayi Hashmi apambana! Akuti mayi woyamba wachisilamu kupambana chisankho cha chigawo chonse mu America. Abale dzukani!

Nangozo (Leeds): Mjomba anthu ali mtulo kkkk. Koma zoona ndaona. Spanberger nayenso wadutsa, mayi woyamba kukhala gavanala wa Virginia.

Malume a ku Area 25: Usiku womwewo zotsatira zatuluka? Ife mu Seputembala tinadikira masiku asanu ndi atatu.

Anaphiri (Chesterfield): Makina aja malume. Mjomba ndikuuzeni za mayi wanuyu poti ndi senata wa dera lathu lino. Anabadwira ku Hyderabad ku India mu 1964, anabwera kuno ali ndi zaka zinayi, anakulira ku Statesboro ku Georgia komwe bambo ake ankaphunzitsa pa koleji. Iye naye ndi mphunzitsi, anaphunzitsa zolembalemba zaka zambirimbiri kuno ku Richmond. Ndale analowa mochedwa, mu 2019, pomwe anagwetsa senata wa Republican, Glen Sturtevant. Ku Senate wakhala wapampando wa komiti ya maphunziro ndi zaumoyo. Si munthu wokuwa pansanja. Ukamumvera akulankhula umachita kuona kuti uyu anazolowera kuimirira kutsogolo kwa kalasi.

Malume a ku Area 25: Aphunzitsi tili ndi tsogolo eti. Ine ndinapuma msanga.

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Chomwe chikundisangalatsa ine n'chakuti amene akuchoka pampandowo nayenso ndi wobwera. Earle-Sears anabadwira ku Kingston ku Jamaica, anafika kuno ali mwana, anakhalapo msilikali wa Marines. Wa ku Jamaica akusiyira wa ku India, zipani zosiyana. Ndamuuza Chisomo m'mawa uno akudya phala, wangoti ok dad n'kupitiriza kudya.

Nangozo (Leeds): Ana a masiku ano kkkkk

Dalaivala wa ku Alexandria: Musakometse kwambiri. Hashmi sanapambane chifukwa cha Hashmi. Anthu kuno akwiya. Boma la ku Washington latsekedwa kuyambira pa 1 Okutobala, anthu sakulandira malipiro, ena anachotsedwa ntchito kumayambiriro a chaka. Makasitomala anga a m'mawa opita ku maofesi a boma anatha onse. Kumpoto kuno nyumba iliyonse muli wogwira m'boma kapena wodalira kontrakiti ya boma. Chaka chino a Democrat akanaika mbuzi papepala, ikanadutsa.

Mjomba wa ku Mangochi: Mbuzi yomwe achimwene? Tilemekezeko pang'ono.

Dalaivala wa ku Alexandria: Pepani mjomba, sindimanena mayiwo. Ndimanena mphepo yake.

Anaphiri (Chesterfield): Mphepo inalipo, sindikana, m'nyumba yaing'ono muja a Democrat achoka pa 51 kufika pa 64. Koma taonani manambala atatu apamwamba. Spanberger wapeza cha m'ma 57 pa 100. Hashmi cha m'ma 55. Jay Jones wa attorney general cha m'ma 53. Chipani chimodzi, tsiku limodzi, pepala limodzi, manambala atatu osiyana. Jones uja mwezi watha kunatuluka mameseji ake a 2022 onena zowombera yemwe anali sipikala wa Republican. Anapepesa, koma alipo anthu ambirimbiri amene anadetsa kadzira ka Spanberger, pofika pa Jones n'kuwoloka kupita kwa Jason Miyares wa Republican. Ndiye kuti anthu amawerenga bokosi lililonse palokha. Akanakhala kuti amangidwa mtolo umodzi, sitikanadziwa n'komwe kuti wolemera ndani, wopepuka ndani.

Malume a ku Area 25: Apa ndiye mwandifikitsa pomwe ndimafuna. Ine usiku wonse ndimaganiza. Taonani kwathu kuno chiyambire 1994. Muluzi ndi Malewezi anamaliza atasiyana, Malewezi n'kuima payekha mu 2004. Bingu ndi Chilumpha, mpaka kumangidwa mu 2006. Bingu ndi Joyce Banda, kuchotsedwa m'chipani mu 2010. Peter Mutharika ndi malemu Chilima, mu 2018 UTM n'kubadwa. Nthawi zonse nyimbo yake ndi imodzi: ndinakutola ndine. Wachiwiri alibe voti yakeyake yoti aloze. Bwanji ifenso tizimuvotera payekha ngati ku Virginia? Munthu azilowa mu ofesi akudziwa kuti anamuika ndi anthu, osati chifundo cha bwana.

Nangozo (Leeds): Malume inu mukufuna moto. Anthu osankhana okha akukanika kukhala m'nyumba imodzi, ndiye mukawaphatikize a zipani ziwiri? Atambala awiri salira m'khola limodzi. Pulezidenti adzaopa ngakhale kukwera ndege kupita ku msonkhano wa SADC.

Mwana wasukulu (Dallas): Anti akunena zoona, zinachitika ku Idaho mu 2021. Gavanala Brad Little atangotuluka m'chigawo kupita ku msonkhano, wachiwiri wake Janice McGeachin anatsala akugwirizira mpando, pompo anasaina lamulo loletsa kukakamiza anthu kuvala mamasiki. Bwana pobwera mawa lake analifafaniza. Mu Okutobala bwana anachokanso, mayi anasainanso lina la katemera, bwana anafafanizanso. Ndipo awa anali a chipani chimodzi, kungoti aliyense anavoteredwa payekha ndipo mayiwo ankafuna mpando wa bwana.

Nangozo (Leeds): Mwamva malume? Kkkkk ukapita kumaliro pobwera upeza nyumba yapentedwa mtundu wina.

Malume a ku Area 25: Ndamva. Koma nanga Kaine ndi Bolling aja anakhala bwanji?

Anaphiri (Chesterfield): Anakhala chifukwa sankadyera mbale imodzi. Apa ndi pomwe ndikusiyana nanu malume. Inu mukuona ngati mankhwala ndi voti yapadera. Ine ndikuona kuti mankhwala ndi ntchito yapadera. Wachiwiri wa kuno ali ndi pake pokhala m'mawa uliwonse nyumba ikamakumana, kutsogolo kwa Senate, kanyundo m'manja. Ntchito imeneyo sanampatse ndi gavanala, ndiye gavanala sangamulande. Sangamuchotse unduna poti si nduna. Wa kwathu ntchito yake ndi imene bwana wamugawira. Akakondwa naye amupatsa unduna, akakwiya amusiya azingowerenga nyuzipepala ku Area 12. Mukamuvotera payekha koma osamupatsa chochita, mwangopanga mlendo wokwiya wokhala ndi mavoti 2 miliyoni m'thumba.

Malume a ku Area 25: Senate tinali nayo m'malamulo a 1994, anaichotsa mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe.

Anaphiri (Chesterfield): Ndiye wachiwiri wanuyo akatsogolera chiyani?

Malume a ku Area 25: Mwandigwira pakhosi mayi. Ndikaganizanso.

Mwana wasukulu (Dallas): Komanso musaganize kuti America yense amachita ngati Virginia. Zigawo zambiri gavanala ndi wachiwiri amaima pamodzi ngati kwathu, Maryland pafupi nanu pomwepo ndi choncho. Maine, New Hampshire, Oregon ndi Wyoming alibiretu udindowu. Ku Tennessee dzinali amangopatsa mtsogoleri wa Senate. Ndiye kuno ku Texas ndi nkhani ina. Wachiwiri kwa gavanala, Dan Patrick, wakhalapo kuyambira 2015, amasankha yekha makomiti a Senate ndi apampando ake, bilu imene sakuifuna sifika n'pokambidwa pomwe. Anthu ena amati ali ndi mphamvu kuposa gavanala.

Anaphiri (Chesterfield): Wa ku Virginia safika pamenepo. Makomiti amasankha masenata okha. Ngakhale kudula kuja kuli ndi malire, pa bajeti, pa kusintha malamulo aakulu a chigawo ndi pa kusankha majaji iye savota. Koma musamuderere. Mu Januwale 2012 Senate inali 20 kwa 20, Bolling anadula tsiku loyamba lomwe, a Republican n'kutenga makomiti. Voti imodzi ya munthu wa madola 36,000.

Mjomba wa ku Mangochi: Nanga mnzake anapikisana naye uja ndi wotani? Palibe amene akumutchula.

Bambo a Chisomo (Woodbridge): John Reid, ankaulutsa mawu pa wailesi ku Richmond, pulogalamu ya m'mawa. Anadutsa popanda chipulula chifukwa mnzake Pat Herrity anasiya mpikisano kaamba ka matenda a mtima.

Dalaivala wa ku Alexandria: Nenani zonse bambo a Chisomo kkkk

Admin: Tisamale chilankhulo chonde. Muno muli azibusa, mashehe ndi ana asukulu.

Anaphiri (Chesterfield): Palibe chobisa, mwini wake amanena poyera kuti ndi gay. Nkhani inabwera mu Epulo, pomwe Youngkin anamuimbira foni kumuuza kuti asiye kupikisana chifukwa cha zithunzi zolaula zomwe zinapezeka pa akaunti ina ya pa intaneti yokhala ndi dzina lofanana ndi lomwe iye amagwiritsa ntchito. Reid anati akauntiyo si yake ndipo sachoka. Ndipo sanachoke. Gavanala wathunthu, wa chipani chake chomwe, analephera kumusuntha. Earle-Sears nayenso sakanamuchotsa poti sanamusankhe ndi iye. Panatenga nthawi ndithu kuti awiriwo aonekere pansanja imodzi. Malume, iyi ndi mbali ina ya maganizo anu aja: bwana amapatsidwa wachiwiri amene mwina sakumufuna, azipanga naye kampeni atakukuta mano.

Malume a ku Area 25: Kwathu kuno akanangomva pa wailesi kuti wasinthidwa.

Dalaivala wa ku Alexandria: Koma pa dibeti ndimuikira kumbuyo Reid. Hashmi anakana kukumana naye kampeni yonse. Mpaka mkuluyo anachita kupanga dibeti yake ndi mawu a kompyuta oyerekeza mayiwo, n'kuika pa YouTube. Zoseketsa, inde, koma munthu ukufuna mavoti a anthu uzibwera poyera.

Anaphiri (Chesterfield): Pamenepo ndikuvomerezani. Ndinamuvotera koma sizinandisangalatse. Amene ali patsogolo sakonda dibeti, kulikonse.

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Mpikisano weniweni wa mayiwa unali chipulula cha pa 17 Juni. Anaima anthu 6. Levar Stoney yemwe anali meya wa Richmond, Aaron Rouse senata wa ku Virginia Beach yemwe ankasewera mpira wa ku America uja wogundana, Babur Lateef dokotala wa maso wa kwathu kuno ku Prince William, ndi ena awiri. Hashmi anadutsa ndi mavoti cha m'ma 27 pa 100, Stoney ndi Rouse akumupumira m'khosi.

Malume a ku Area 25: 27? Popanda 50+1? Ndiye pamenepo ife tawaposa.

Nangozo (Leeds): Malume apeza pogwira kkkkk

Dalaivala wa ku Alexandria: Ndichenjezeko amene tili ndi green card. Foni yanga mwezi wathawu inadzaza mameseji, kavoteni, kavoteni, ngati akundidziwa. Chaka chatha ndili pa ofesi ina ndikukonzetsa mapepala a galimoto, pa kasikirini kaja panabwera funso loti kodi mukufuna kulembetsa kuvota. Mayi wa pa kauntala akundifulumizitsa, mzere kumbuyo, ine chala chili m'mwamba kufuna kungodina inde kuti zithe. Mwayi ndinawerenga kawiri. Ukalembetsa kapena kuvota usanakhale nzika ndi mlandu, unzika umene ukudikirawo sudzauona, mwinanso kukwezedwa ndege. Wina asakunamizeni kuti poti ndi chisankho cha chigawo chabe palibe vuto.

Admin: Uthenga uwu ndaupachika pamwamba. Zikomo achimwene.

Mjomba wa ku Mangochi: Ndiye mayi Hashmi alumbira liti? Ndikufuna ndidzaonere.

Anaphiri (Chesterfield): Pa 17 Januwale, ku Richmond, panja pa nyumba ya malamulo, kuzizira kuli pakatikati. Koma ife a dera lino ntchito sinathe. Mpando wake wa usenata utsala wopanda munthu, ndiye kukhala chisankho chapadera, ndipo ndi 21 kwa 19 uja zipani zonse ziwiri zitigogodera zitseko mpaka Khrisimasi.

Bambo a Chisomo (Woodbridge): Mukafuna mpando wopinda ndili nawo, sunagwirepo ntchito.

Malume a ku Area 25: Ine ndabwerera ndi maganizo ena. Nanga wachiwiri wathu akanamakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo?

Nangozo (Leeds): Malume ndili pa shifiti, musandiyambitse.

Anaphiri (Chesterfield): Lembani bwinobwino malume, ndiyankha ndikaweruka. Koma muyambe mwaganiza kuti tsiku limene aphungu akufuna kuchotsa pulezidenti, kanyundo kadzakhala m'manja mwa ndani.